Pa mafuwa atatuwa, ife ndife fuwa kapena nkhuni?

Ndidakali mlangizi wa zaulimi kuno ku Mulanje, tsiku lina ndinauzidwa kuti ndisonkhanitse alimi pansi pa mtengo wa mango kwa amfumu ena cha ku Limbuli, ati kukubwera alendo. Anthu anakhala pansi kuyambira 9 koloko. Alendowo anatulukira dzuwa lili paliwombo, pa magalimoto atatu. M'galimoto yoyamba munali mzungu wa ku dziko limene linapereka ndalama. M'yachiwiri munali akatswiri awiri a ku dziko lina, limodzi la mayiko aja amene dzana lomweli ankagona ndi njala ngati ife koma lero akupanga okha mafoni ndi sitima. Yachitatu inanyamula mabwana athu a ku Lilongwe. Katswiri akalankhula m'chinenero cha kwawo, womasulira wake ankatembenuzira m'Chingerezi, ine n'kutembenuzira m'Chichewa, ndipo kumbuyo uko kunali agogo awiri amene mdzukulu ankawanong'oneza m'Chilomwe. Mawu ankadutsa m'kamwa mwa anthu anayi asanafike kwa mwini munda.

Nkhani inali ya mbewu yatsopano ndi kabzalidwe kake, ndipo kunena zoona akatswiriwo ntchito yawo ankaidziwa. Mmodzi anavula nsapato, n'kulowa m'munda, n'kufukula dothi ndi manja, chinthu chimene mabwana athu ena sanachitepo chichokereni ku koleji. Atatha, mayi wina wachikulire amene tonse tinkangowatchula kuti anganga anaimika dzanja.

"Alangizi, tatifunsirani alendowa. Tikakolola zochuluka monga akuneneramu, adzagula ndani?"

Ndinatembenuza. Womasulira anatembenuzanso. Katswiri anayang'ana mzungu, mzungu anayang'ana bwana wa ku Lilongwe, bwana anayang'ana wotchi. Yankho limene linabwerera kwa ine linali loti za misika zili m'gawo lachiwiri la pulojekiti. Ndinapuma pa ntchito gawo lachiwirilo lisanafike.

Ndaukumbukira msonkhano umenewu chifukwa maulendo a magalimoto atatu otere achulukirachulukira. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja, ndipo pofika pakati pa chakacho bungwe la USAID, limene chizindikiro chake tinazolowera kuchiona pa matumba ndi pa makoma a zipatala, linali litatsekedwa. Britain, imene mu 2021 inatsitsa thandizo kuchoka pa 0.7 peresenti ya chuma chake kufika pa 0.5, inalengeza mu Febuluwale 2025 kuti pofika 2027 itsitsanso mpaka pa 0.3, ndalamazo zipite kwa asilikali ndi zida zawo. Thumba likamachepa mwini wake amafuna wothandizana naye. N'chifukwa chake mayiko olemera akale amakonda kugwirana manja ndi mayiko amene akukwera kumene, monga Brazil, China ndi India, n'kubwera kwa ife awiriawiri, wina atanyamula ndalama, wina luso. M'mapepala awo amautcha mgwirizano wa mbali zitatu.

Ganizo lake si lopusa. Mlimi wa ku Britain khasu analisiya kalekale, ndipo katswiri wa kumeneko njala amaiwerenga m'buku. Ku China ndi ku India kuli akatswiri amene anakulira pa kamunda ka theka la ekala, amene makolo awo anaona anthu akufa ndi njala. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mlendo amene anametapo kale mutu wonga wako ndiye wabwino koposa.

Koma ine ndikamva za mbali zitatu ndimaganiza za mafuwa. Mphika umakhazikika ngati mafuwa onse atatu ali ofanana msinkhu. Limodzi likafupika, phala limathera pa phulusa. Ndiye pamene awiriwa akugwirana chanza ku Tokyo, ku London kapena ku Brasília, ife amatiwerenga ngati fuwa lachitatu kapena ngati nkhuni zosonkhezera moto wawo? Ndaona zokwanira kuti ndinene kuti zimenezi sizidalira kukoma mtima kwa alendo. Zimadalira chimene mwini mudzi wafika nacho pabwalo.

Taonani mmene anzathu okwera kumenewa analandirira thandizo iwo eni, mbiri imene sitiuzidwa m'misonkhano ya m'mahotela. Japan inayamba kuthandiza China mu 1979, n'kupitiriza mpaka 2022, ngakhale kuti China inali itaipitirira kale pa chuma mu 2010. Zonse pamodzi zinaposa 3.6 thiriliyoni m'ndalama ya yen, zambiri mwa izo ngongole za chiwongoladzanja chochepa. Ngongole zoyambirira zinapita ku njanji ndi madoko, monga doko la Qinhuangdao kumene ankakwezera malasha, ndipo ena mwa malasha amenewo ankagulidwa ndi Japan yomweyo. Panalibe kunamizana kuti n'chifundo chokhachokha. China inkabwera ndi mndandanda wa zimene ikufuna, wotengedwa m'mapulani ake a zaka zisanuzisanu, n'kukambirana ndi Japan pa mndandanda umenewo.

Za Brazil ndiye zimandipatsa chidwi koposa, poti n'za ulimi. Mu 1973 America inaletsa kwa kanthawi kugulitsa soya kunja. Ku Japan soya sasowa pa mbale tsiku lililonse, ndiye anthu anachita mantha, boma n'kuyamba kufunafuna munda wina. Linaupeza ku Brazil, m'chigawo cha tchire chotchedwa Cerrado, cha dothi la asidi limene anthu ankati silingabale kanthu. Kuyambira 1979 mpaka 2001 mayiko awiriwa anayendetsa pulogalamu ya Prodecer, imene inatsegula mahekitala pafupifupi 345,000, ndipo lero palibe dziko lolima soya kuposa Brazil. Koma yang'anani zaka. Bungwe la Brazil lofufuza za ulimi, Embrapa, linakhazikitsidwa mu 1973, Prodecer isanabadwe. Eni dziko anali atayamba kale kufufuza za laimu wothira m'dothi lija ndi mbewu ya soya yogwirizana ndi dziko lotentha. Mlendo anapeza mafuwa ali m'malo, moto ukuyaka. Kumeneko wobweretsa nkhuni anali iyeyo.

Sikuti zonse zinali zokoma. Mlimi mmodzi wa Prodecer ankapatsidwa mahekitala mazanamazana, ndipo ulimi wa mtundu umenewu utafalikira, pafupifupi theka la tchire la Cerrado linatha, anthu ambiri amene ankakhalamo n'kukankhidwira m'mphepete. Mbali imeneyi ya nkhani ndi imene inaiwalika pamene awiri omwewa, Japan ndi Brazil, anaganiza mu 2009 kuti zimene anachita ku Cerrado akazichitenso ku Africa.

Anayang'ana pa mapu n'kuona kuti kumpoto kwa Mozambique dzuwa ndi mvula n'zofananako ndi za ku Cerrado, ndiponso kuti doko la Nacala layang'ana ku Asia kumene kuli ogula. Anasainirana ndi boma la Mozambique pulogalamu ya ProSAVANA, yokhudza maboma 19 a m'zigawo za Nampula, Niassa ndi Zambézia, malo oposa mahekitala 10 miliyoni. Amenewo ndi malo aakulu kuposa mtunda wonse wa Malawi mukachotsa nyanja.

Kwa wowerenga wa ku Lilongwe iyi ndi nkhani yakunja. Kwa ife si yakunja. Limodzi la maboma 19 aja ndi Gurúè, kumene kuli phiri la Namuli, limene Alomwe timati ndiko kuchimake. Agogo athu ambiri anachokera mbali zomwezo, kuthawa msonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi, n'kudzagwera m'manja mwa eni maesiteti kuno, amene anawapatsa pokhala posinthanitsa ndi thangata. Anyamata amene amawoloka pa Muloza atamangirira matumba atatu a chimanga pa njinga kudzagulitsa pa Limbuli ndi abale athu enieni, ena timagawana nawo maliro. Kwa iwowa ndi kumene ndinamva koyamba kuti kumtunda kwawo kwamveka zoti kukubwera alimi a ku Brazil ndi mathirakitala. Mmodzi anatsamira njinga yake pa khoma la golosale, akupukuta thukuta ndi chipewa, n'kunena kuti, "Achimwene, pa wailesi akuti malo a kwathu alibe anthu. Nanga ifeyo ndife anyani?"

Mphekeserazo zinali ndi pochokera. Mu 2011 mkulu wina wa alimi a thonje a ku Mato Grosso, chigawo cha ku Brazil, anauza nyuzipepala ya kwawo kuti Mozambique ndi Mato Grosso wa pakati pa Africa, wa malo aulere. Mu Okutobala 2012 bungwe la alimi ang'onoang'ono la UNAC linatulutsa chikalata chodandaula kuti pulogalamuyi yakonzedwa m'maofesi popanda eni minda. Mu 2013 chikalata cha mapulani chinatulukira ku khomo lakuseri, anthu n'kuona kuti dziko lawo lagawidwa kale pa pepala, uku soya, uku thonje, uku minda ikuluikulu ya makampani. Mu Meyi chaka chomwecho mabungwe analembera kalata yapoyera atsogoleri atatu a nthawiyo, Armando Guebuza wa Mozambique, Dilma Rousseff wa Brazil ndi Shinzo Abe wa Japan, kuti aimitse ntchitoyi. Oyendetsa pulogalamu anakana kuti alibe cholinga cholanda malo, anasintha mapulani n'kuika mlimi wamng'ono patsogolo, ndipo ndikukhulupirira kuti ena mwa iwo ankanenadi zapansi pa mtima. Koma madzi anali atatayika. Mu 2018 khoti la ku Maputo linalamula unduna wa zaulimi kuti uulule zikalata za pulogalamuyi, ndipo mu Julayi 2020 ProSAVANA inatsekedwa. Zaka 11 za misonkhano, maulendo a pandege ndi malipoti, zinagonja kwa anthu amene ambiri mwa iwo alibe ngakhale nsapato zopitira ku msonkhano.

Mawu akuti malo alibe anthu ife a ku Mulanje ndi Thyolo tinawamva kalekale, ndipo chilonda chake sichinapole. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston ankapatsa azungu zikalata zotsimikiza kuti malo amene anatenga kwa mafumu ndi nsalu ndi mikanda ndi awodi. Tiyi anayamba kulimidwa kuno mu 1891. Lero, malinga ndi kalembera wa 2018, Mulanje ili ndi anthu oposa 680,000, Thyolo oposa 720,000, ndipo ambiri tapanikizana m'mphepete mwa minda ya tiyi, kulima m'matsitso mmene mbuzi imayamba yaganiza kaye isanakwere. Pakati pa 2004 ndi 2011 pulogalamu ya Kudzigulira Malo, ya ndalama za World Bank, inapezera malo mabanja oposa 15,000, ena mwa iwo a kuno amene anasiya manda a makolo awo n'kukakhala ku Machinga ndi Mangochi. Ndiye munthu wa kuno akamva kuti katswiri wayang'ana chithunzi cha setilaiti n'kuona tchire, amadziwa kuti tchirelo ndi tsala la munthu, ndi manda a mbumba, ndi kotola nkhuni, ndi munda umene mayi akusungira mwana wake wamkazi akadzakwatiwa. Mkamwini wa ku Mato Grosso sangazione zimenezi ali m'ndege.

Ndisaoneke ngati ndikungoda alendo. Brazil yomweyo, mothandizana ndi Britain, inabweretsa kwa anansi athu a ku Phalombe chinthu chimene ndimachiyamikira mpaka lero. Kwawoko boma linayamba mu 2003 kugula chakudya kwa alimi ang'onoang'ono, ndipo lamulo la 2009 linati pa ndalama zimene boma lalikulu limapereka zodyetsera ana kusukulu, zosachepera 30 peresenti zizigula kwa alimi oterewa. Mu 2012 nzeru imeneyi inayesedwa m'mayiko asanu a mu Africa pa dzina la PAA Africa, kudzera ku FAO ndi WFP, mabungwe a United Nations oona za ulimi ndi chakudya, ndipo kuno inagwira masukulu angapo a ku Phalombe ndi Mangochi. Sukulu inkalandira ndalama, n'kugula chimanga, nyemba, mtedza, mbatata ndi masamba kwa magulu a alimi a pafupi pomwepo. Panalibe mapu ogawa dziko. Chimene chinawoloka nyanja chinali yankho la funso la anganga: adzagula ndi sukulu ili apoyi, kumene mdzukulu wanu amaphunzira.

Chuma cha Brazil chitagwedezeka cha m'ma 2015 ndi 2016 ndalama za kumeneko zinauma, ndipo m'masukulu ambiri mmene kagulidwe kotere kakupitirira, kakuyendabe ndi ndalama za alendo ena. Apa ndi pamene pamandipweteka. Lamulo longa la 30 peresenti lija silifuna dola ngakhale imodzi kuti lilembedwe, limangofuna aphungu. Tili ndi masukulu ogonera konko, zipatala, ndende, makampu a asilikali, onsewa amadya nyemba ndi nandolo tsiku ndi tsiku pa ndalama za msonkho wathu. Ndi phungu uti wa ku Mulanje kapena Thyolo amene munamumvapo akuumirira m'Nyumba ya Malamulo kuti gawo la chakudya chimenechi lizigulidwa kwa makalabu a alimi a m'boma lomwelo, osati kwa wamatenda mmodzi wa m'tauni amene wakagula kwa alimi omwewo pa mtengo wolira? Phala tinalandira, nzeru yophikira phalalo tinaisiya pa ndege.

Ku Domasi, kumalo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba, kunabweranso akatswiri a ku China pa ndalama za Britain, pa pulogalamu ya AgriTT. Kwawo amaweta kwambiri nsomba ya mtundu wa chambo yochokera ku Nile, yofulumira kukula. Kuno malamulo athu salola kulowetsa nsomba zachilendo, poopa kuti zingasokoneze chambo ndi nsomba zina za m'nyanja yathu. Choncho luso lawo la maiwe aakulu ndi akuya, ndi la kuswetsa mbewu ya nsomba, anachita kuliyesa pa makumba athu omwewa. Alipo amene amati lamulo limeneli limatichedwetsa, ndipo mkangano umenewo ngwathu, tiukangane tokha. Chimene ine ndinaona n'chakuti alendo awiri anapeza mwini nyumba ali ndi mwambo wake wolembedwa, anawerama polowa pakhomo, ndipo thandizo silinathawe.

Pali bodza lina lokoma limene tiyenera kulichotsa m'mutu, loti dziko lokwera kumene ndi m'bale wathu, ndiye silingatipweteke. Ndi m'bale inde, koma ali ndi ana ake. Funsani aliyense wolima nandolo kuyambira ku Thuchila mpaka ku Thekerani za chaka cha 2017. M'zaka za m'mbuyo mwake mvula inavuta ku India, nandolo anakwera mtengo, mavenda ankatilondola mpaka kumunda ndi masikelo awo. Aliyense anabzala nandolo, ngakhale kuseri kwa bafa. Kenaka India inakolola zochuluka, alimi ake anayamba kulira, ndipo mu Ogasiti 2017 boma lawo linaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo. Mozambique inali itasainirana kale ndi India mgwirizano wa nandolo mu 2016. Ife tinalibe. Mtengo unagwa kuchoka pa makwacha mazanamazana pa kilo kufika pansi pa K100. Mlamu wanga anapalasa maulendo atatu kupita pa Chitakale, matumba awiriawiri. Atamva mtengo anangokhala pa thumba, n'kuvula chipewa ngati ali pa maliro. "Alamu," anatero, "bola ndikadyetse nkhumba." Mgwirizano wathu ndi India, wa matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu, unadzasainidwa mu 2021. India sinalakwe, inateteza alimi ake amene amaivotera. Amene tinagona ndi ife.

Ngongole za ku India nazo zimanena zomwezo. Lamulo lake n'loti gawo lalikulu la katundu ndi ntchito, 75 peresenti, lichokere ku India komweko, ndipo si chinsinsi, zinalembedwa poyera. Pa ngongole ya $50 miliyoni tinagulako mathirakitala 177 ndi makina 144 opukusira chimanga, oti athandize alimi ang'onoang'ono. Mu 2016 Ombudsman Martha Chizuma anapeza kuti ambiri mwa iwo anagulitsidwa motchipa kwa akuluakulu a boma, andale ndi ena odziwika, ngongole n'kutsalira tonsefe, ndi mlamu wanga yemwe. Pamenepa palibe mlendo woti timuloze chala. Ngongole ina, ya $23.5 miliyoni, ndi imene inayala mapaipi otenga madzi a Likhubula pa phiri lathuli kupita ku Nguludi ndi Blantyre. A mu Blantyre ayenera kumwa madzi, sindikutsutsa. Koma zinatengera anthu a kuno kuchita zionetsero cha m'ma 2016 ndi 2017 kuti funso lophweka limveke: nanga midzi imene paipi ikudutsa, nanga mitengo ya m'phiri imene imasunga madziwo? Funso limenelo linayenera kufunsidwa ndi boma lathu pepala lisanasainidwe.

Pa Ndata ku Thyolo paima yunivesite ya MUST, yomangidwa ndi ngongole ya ku China ya pafupifupi $80 miliyoni titasiyana ndi Taiwan kumapeto kwa 2007. Inatsegulidwa mu 2014, ndipo ndikadutsa pamenepo ndimanyadira. Tili ndi malo ofufuzira za ulimi ku Bvumbwe, tili ndi a tiyi ku Mimosa. Makoma tili nawo. Chimene chinapangitsa Embrapa kukhala Embrapa n'chakuti boma la Brazil linkatumiza achinyamata ake mazanamazana kukaphunzira kunja, n'kuwalipira akabwerera kuti afufuze mafunso a Brazil. Wofufuza amene amadikira pulojekiti ya mlendo kuti apeze mafuta a njinga yamoto amafufuza funso la mlendo. Ndikunena zimene ndikuzidziwa: ine ndinathapo miyezi njinga yamoto ya ntchito itaima pakhonde, nkhuku n'kumagona pa chishalo, ndipo inkadzuka pokhapokha kukamabwera alendo.

Wina anena kuti wopempha sasankha ndiwo. Anena kuti dziko limene, Cashgate isanaphulike mu 2013, pafupifupi 40 peresenti ya bajeti yake inkachokera kwa alendo, lilibe pakamwa pokanira. Ndikuumva mtsutso umenewu, koma sundikhutiritsa. Alimi a ku Nampula analibe dola. Lamulo lathu la nsomba silinagulidwe ndi ndalama. Ndiponso tisaiwale kuti awiri aja amatifuna. Dziko lopereka ndalama liyenera kukaonetsa okhoma msonkho ake zithunzi za ntchito imene yatheka. Dziko lokwera kumene likufuna msika wa makina ake, likufuna abwenzi okweza dzanja ku United Nations, likufuna dzina loti nalonso tsopano ndi lothandiza ena. Popanda wachitatu mgwirizano wawo wa mbali zitatu kulibe. Chimene chimatifooketsa si umphawi wokha. Ndi envelopu ya 4 koloko. Ine ndemwe ndinadyako maalawansi m'mahotela a kunyanja, ndinaombera m'manja mapulani amene ndinkadziwa kuti kwa anganga sangagwire, chifukwa wofunsa mafunso ambiri ulendo wotsatira dzina lake limasowa pa mndandanda. Sindikudziyeretsa.

Ndiye ndikufuna chiyani? Zimene ndikufuna n'zazing'ono moti n'zochititsa manyazi kuzilemba. Pulojekiti iliyonse yokhudza minda ya anthu, kaya yasainidwa ku Beijing kaya ku Tokyo, chikalata chake chimasuliridwe m'Chichewa, chiwerengedwe ku khonsolo ndi ku makomiti a chitukuko a m'madera magalimoto asanafike, osati kutiitana pansi pa mtengo wa mango kudzajambulitsa chithunzi zonse zitatha kale. Ndipo powerengapo pakhale amayi, chifukwa kuno munda ndi wa mbumba, ngakhale kuti pa misonkhano amene amakhala pa mipando ndi akamwini. Wogula atchulidwe m'gawo loyamba. Ngati katswiri sangathe kunena kuti zokololazo zidzapita kuti, pa mtengo wotani, mbewu yakeyo ayambe waiyesa pa munda wa boma, asaiyesere pa mimba ya munthu wa theka la ekala. Ndipo pambali pa katswiri aliyense wa ku China kapena ku Brazil pakhale Mmalawi wolipidwa ndi bajeti yathu, amene adzatsale ndi makope, mbewu ndi makiyi alendo akadzakwera ndege, amenenso sadzaopa kunena kuti ichi kuno sichigwira chifukwa malipiro ake sachokera m'thumba la amene akumutsutsayo.

Makhansala athu amatha kukangana tsiku lonse za amene apatsidwe kontirakiti ya mlatho wa matabwa. Ndikufuna ndidzamve tsiku lina kuti khonsolo ya Mulanje kapena ya Thyolo yabweza chikalata cha alendo, osati mwachipongwe, koma ndi mawu oti kakonzeni ndime iyi ndi iyi mubwerenso. A China ankachita zimenezo kwa a Japan ali osauka kuposa mmene anthu akuganizira lero.

Mwezi watha ndinadutsa pa mudzi uja popita ku maliro. Chikwangwani cha pulojekiti, cha mbendera zitatu, wina anachizula n'kuchisandutsa chitseko cha khola la mbuzi, ndipo ndinganene kuti pa ntchito imeneyo chikuthandiza. Anganga anatisiya chaka cha namondwe wa Freddy. Munda wawo, umene sunkakwana ekala, anagawana ana awo aakazi atatu. Aakulu ndinawapeza pakhonde akupeta nandolo, ndipo anandizindikira.

"Alangizi, mukadalipo?"

"Tilipo, achemwali. Nanga nandoloyu chaka chino mugulitsa kuti?"

Anati akudikira mwana wawo wa ku Limbe awaimbire foni za mtengo wa kumeneko. Ukapanda kukoma, pali mnyamata wina wa njinga amene amawolotsa matumba kupita ku Milange, ku Mozambique.